Phunziro la Zaumoyo: Ndowe za Galu Pakhomo ndi Panjira

Kuwerenga: Deuteronomo 23:12-14, Miyambo 12:10

Mawu oyamba

Amayi anzathu mwa Khristu, ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tinazolowera kutchula chinthu ndi dzina lake, choncho mutikhululukire. Nkhani ya mwezi uno ndi ya manyi a galu. Pofuna ulemu, tiziti ndowe.

Kuno ku Likhubula mabanja ambiri ali ndi galu. Amatilondera usiku, amapirikitsa anyani m'munda, ndipo amatitsata tikamapita kudimba kapena kumtsinje. M'mawa uliwonse timasesa pabwalo, koma tikapeza ndowe zake timangozikankhira kumbali ndi tsache, kapena kuzisiya kuti ziume ndi dzuwa. Phunziro lathu likuti ndowe za galu zichotsedwe ndi kukwiriridwa tsiku lomwelo.

Zimene Malembo akutiphunzitsa

M'buku la Deuteronomo, Aisraele analamulidwa kuti akhale ndi malo odzithandizira kunja kwa msasa, ndiponso kuti munthu aliyense akhale ndi chokumbira, akumbe ndi kufotsera akamaliza. Chifukwa chake chinali chakuti Mulungu amayenda pakati pa msasa wawo. Lamuloli linkanena za chimbudzi cha munthu, koma nzeru yake ikukhudzanso ziweto zathu. Ngati timakhulupirira kuti Ambuye amakhala nafe pakhomo, ndiye kuti pabwalo pamene mdzukulu akukwawa ndi pamalo poyenera kusamalidwa monga timasamalira guwa la m'tchalitchi.

Buku la Miyambo likuwonjezera kuti munthu wolungama amasamala moyo wa chiweto chake. Choncho phunziroli silikutiuza kuti tidane ndi galu. Likutiuza kuti amene waweta galu wasenzanso udindo wa zonse zochokera kwa galuyo.

Kodi choopsa n'chiyani?

Agalu ambiri, makamaka tiana, amakhala ndi njoka zam'mimba. Tiana tambiri timabadwa nazo kale, chifukwa zimachokera kwa make tisanabadwe. Pali mitundu iwiri imene tiyenera kuidziwa.

Mtundu woyamba ndi njoka zazitali zoyera zimene nthawi zina timaziona galu akasanza. Njoka imodzi yaikazi ingathe kuikira mazira okwana 200,000 pa tsiku. Mazirawa saoneka ndi maso. Akangotuluka kumene sakhala okhwima, ndipo amafuna masabata awiri kapena anayi ali m'dothi kuti afike podwalitsa munthu. Akakhwima amakhala amoyo miyezi yambiri, ngakhale zaka, ndowe zija zitauma kale ndi kusanduka fumbi. Mwana akaseweretsa dothilo n'kuika zala m'kamwa, mazira amaswa m'mimba mwake, ndipo timphutsi take timayenda ndi magazi kupita kuchiwindi, kumapapo, ndipo mwa apo ndi apo kudiso. Ana ambiri saonetsa chizindikiro chilichonse. Ena amatentha thupi, amatsokomola ndi kumva m'mimba. Owerengeka amafika posaona bwino ndi diso limodzi. Amayi oyembekezera amene amakonda kudya dothi alinso pachiopsezo chomwechi.

Mtundu wachiwiri ndi tinjoka ting'onoting'ono toyamwa magazi m'matumbo a galu. Mazira ake amaswa msanga, ndipo pakatha pafupifupi sabata imodzi timphutsi take timatha kuboola khungu la munthu. Timakonda dothi lamchenga, lachinyontho ndi lamthunzi. Kuno m'tsinde mwa phiri la Mulanje, kumene mvula ndi chiperoni sizisowa, dothi lotere lili paliponse.

Tikukumbukira mwana wina wa chaka ndi theka amene anabwera naye kuchipatala kumene tinkagwira ntchito. Pathako pake panali kamzere kofiira kokhotakhota, koyabwa kwambiri, ndipo tsiku lililonse kankasuntha pang'ono. Agogo ake anali atatsimikiza kuti mdzukulu wawo waponyeredwa, mpaka anasiya kupatsana moni ndi mnansi wawo. Titafunsitsa tinapeza kuti mwanayo ankakhala wosavala kabudula pamchenga, patsinde pa mtengo wa mango pomwe agalu a pakhomopo ankadzithandizira. Kamzere kaja kanali kamphutsi koyenda pansi pa khungu. Analandira mankhwala ndipo anachira m'masiku ochepa, koma ubale wa mabanja awiriwo unatenga nthawi yaitali kuti ubwerere.

Taonani tsono chifukwa chake tikuti tsiku lomwelo. Mitundu iwiri yonseyi imafuna masiku ili pansi kuti ikhwime. Tikachotsa ndowe m'mawa uliwonse, tazidulira njira. Tikati tiyembekeze ziume, ndiye kuti tazipatsa nthawi yomwe zimafuna.

Zochita pakhomo

1. Musanasese, zungulirani pabwalo, kuseri kwa khitchini ndi pansi pa thandala. Woolani ndowe ndi khasu kapena fosholo, pamodzi ndi kadothi ka pansi pake. Musagwiritse tsache, chifukwa limamwaza.

2. Katayeni m'chimbudzi chokumba ndi kuvundikira pabowo. Ngati simungathe, kumbani dzenje lakelake lozama kufika m'bondo, kutali ndi posewerera ana ndi dimba, komanso mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime kapena pamjigo. Fotserani ndi dothi nthawi iliyonse.

3. Phulusa limachepetsa fungo ndi ntchentche, koma silipha mazira a njoka. Tisamangowaza phulusa n'kuzisiya pomwepo.

4. Ndowe za galu si manyowa. Zitosi za nkhuku ndi ndowe za mbuzi tizithira m'kompositi, koma za galu ayi, chifukwa mulu wa manyowa wapakhomo sutentha mokwanira kupha mazirawo, ndipo angafike pa mpiru ndi tomato wathu.

5. Ntchitoyi ndi ya akulu. Tisatume mwana wamng'ono. Tikamaliza tisambe m'manja ndi sopo pa mpondagiya.

6. Mwana wokwawa timuyalire mphasa kapena chiguduli, ndipo okulirapo azivala nkhwaira ngati zilipo.

Pali chizolowezi china chimene tiyenera kuchitchula poyera. Mwana akachita chimbudzi pabwalo, ena aife timaitana galu kuti adye. Galu yemweyo pambuyo pake amanyambita mbale, chidebe cha madzi ndi nkhope ya mwana. Chimbudzi cha mwana chili ndi tizilombo monga cha wamkulu, ndipo malo ake ndi m'chimbudzi chokumba. Tinaona mu 2022 ndi 2023 mmene kolera inatengera miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno. Kolera imachokera m'chimbudzi cha munthu, choncho tisalole chiweto kuchiyendetsa pakhomo.

Zochita panjira

Galu akatitsata ndipo wadzithandiza panjira yopita kusukulu, pabwalo la tchalitchi kapena pakhomo pa mnzathu, udindo ndi wathu. Popita kudimba khasu timakhala nalo kale. Tikumbe pambali pa njira, tikankhiremo ndi kufotsera. Ngati khasu palibe, kamtengo kakwanira. Ena amatolera m'jumbo monga amachitira anthu a m'mizinda. N'zabwino ngati akakhuthulira m'chimbudzi, koma jumboyo isaponyedwe patchire kapena m'chimbudzimo, chifukwa siwola.

Tisamale kwambiri m'mphepete mwa mtsinje wa Likhubula. Mvula ikagwa, zonse za m'mbali zimakokolokera m'madzi mmene ana athu amasamba ndi mmene timachapa. Kuyambira mu 2019, madzi a mtsinje umenewu amatengedwa ndi mapaipi kupita ku Nguludi, kumene amatsukidwa asanafike kwa anthu a ku Blantyre. Awo amamwa otsukidwa, koma wotunga mumtsinje momwemo alibe womutsukira. Popita kochapa, kapena achinyamata akamapita kokasamba ku Dziwe la Nkhalamba, galu atsale kunyumba.

Kusamala galuyo

Funsani alangizi a ziweto za mankhwala a njoka zam'mimba. Tiana ta galu timayamba kulandira tikakwana masabata awiri, ndipo galu wamkulu amayenera kulandira miyezi itatu iliyonse. Musamupatse mankhwala a anthu mongoganizira. Mukumbukirenso katemera wa chiwewe chaka chilichonse. Chiwewe sichidzera m'ndowe koma m'malovu, galu akaluma. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Ngati galu wa mnansi ndiye akuipitsa pakhomo panu, pitani mukakambirane mwaulemu. Kuthira tameki m'nsima ndi nkhanza, kumaphanso nkhuku, ndipo mwana angathe kutola nsimayo.

Chimodzi mwa zolinga za Mothers' Union, imene Mary Sumner anaiyambitsa mu 1876, ndi kuteteza ana. Ntchito ya mphindi zisanu m'mawa ndi gawo la cholinga chimenecho.

Mafunso okambirana

1. Kodi kwathu ndowe za galu timazitaya kuti, ndipo amataya ndani?
2. Tingamuuze bwanji mnzathu amene amaitanira galu chimbudzi cha mwana, popanda kumuchititsa manyazi?
3. Ndi malo ati pa parishi yathu pamene ana amasewera ndipo agalu amafikapo?

Ntchito ya mwezi uno

Gulu lililonse liyendere bwalo la tchalitchi ndi makasu lisanayambe msonkhano, ndipo liitane mlangizi wa ziweto kapena wa zaumoyo kuti adzayankhule ndi amayi.

Pemphero

Ambuye Mulungu, Inu amene mumayenda pakati pa anthu anu, tipatseni mtima wosanyozera ntchito zazing'ono. Tetezani ana ndi adzukulu athu ku matenda, ndipo mutiphunzitse kusamala ziweto zimene munatipatsa ndi kukhala mwamtendere ndi anansi athu. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.