Gulugufe wa Monarch

Ku North America kuli gulugufe wotchedwa Monarch, wa mapiko ofiirira a mizere yakuda. Moyo wake wonse watsamira pa chomera chimodzi, dzina lake milkweed, chimene chili ndi utomoni woyera ngati mkaka.

Wamkazi aikira dzira kunsi kwa tsamba la chomerachi. Atapita masiku ngati anayi dzira liswa, ndipo mutuluka kambozi. Kwa masabata awiri mboziyo idya masamba kosalekeza, nifundula kanayi, pakuti khungu lichepa msanga. Pamenepo ilendewera chadodolido, nifundula kachisanu, nisanduka chikwa chobiriwira cha timadontho tonga golidi. Poyang'ana kunja munthu ayesa chafa, koma m'katimo mukuumbika mapiko. Atatha masiku khumi kapena kuposerapo, gulugufe atuluka, naumitsa mapiko ake, nauluka.

Utomoni uja ndi wowawa, ndipo ululu wake utsala m'thupi la gulugufe. Mbalame zambiri zikamudya zisanza, ndipo sizibwerezanso.

Chisanu chikayandikira, agulugufe a ku Canada auluka ulendo wa makilomita oposa 3,000 kunka ku mapiri a Michoacán ku Mexico, kumene sanafikeko n'kale lonse. Panjira amwa timadzi ta m'maluwa, nanyamula mungu kuchoka pa duwa lina kunka pa lina.

Koma alimi a chimanga ndi soya athira mankhwala opha udzu m'minda, ndipo milkweed afera pomwepo. Kumene chomerachi chatha, mbozi isowa chakudya, pakuti masamba ena sidya.