MALUNGO A ANABERE: WODWALA ASAFULUMIRE KUGWIRA KHASU

December ndiwo mwezi umene mlimi wa m'dziko la Chipata amawerenga manja a pa banja pace. Cimanga camera, udzu naonso wamera, ndipo ana amene anali ku masukulu ogonera komweko abwera kwao kudzapuma. Khasu liri lonse liri ndi mwini wace.

Koma pa makomo ena zimacitika motere. Mnyamata wa zaka 16 kapena 17, amene atate wace anamuyembekeza kuti adzagwira ng'ombe m'munda, afika ali wolefuka. Thupi litentha, pakhosi pawawa kotero kuti nsima ikana kupita, ndipo m'khosi mwatuluka anabere mbali zonse ziwiri. Apita naye ku kiliniki, ampima magazi a pa cala, malungo osapezeka. Popita masabata awiri kutentha kwatha, pakhosi papola, koma mphamvu sizinabwere. Apalira mizere iwiri, nakhala pansi. Pamenepo mau ayamba pa khomo. Ena ati sukulu yamphunzitsa ulesi, ena ati alipo amene wamcita cipongwe.

Iripo nthenda imene imayenda motero ndithu. Madotolo amaichula glandular fever, ndiko kunena malungo a anabere, ndipo m'mabuku ao ali nalo dzina lina lakuti infectious mononucleosis. Siyambukira ng'ombe kapena nkhumba, siicokera kwa udzudzu, ndiponso siibwera cifukwa ca kubvumbwa ndi mvula kapena kudya mango osapsa.

GWERO LACE

Dotolo wa ku Germany, Emil Pfeiffer, analongosola nthendayi m'caka ca 1889, koma coiyambitsa cinabisika zaka zambiri. Njira yocipezera inadzera mu Africa muno. Mu 1958 Denis Burkitt, dotolo wa pa cipatala ca Mulago ku Kampala, analemba za cotupa cimene cinali kugwira nsagwada za ana. Mu 1961 iye ndi anzace awiri anayenda pa galimoto m'zipatala za kum'mawa, pakati ndi kumwera kwa Africa, kufunsa kumene ana otere apezeka, ndipo anaona kuti aculuka ku malo otentha ndi a mvula, kumene malungo ali ambiri. Tizidutswa ta zotupazo tinatumizidwa ku London, ndipo mu 1964 Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapezamo kacirombo kacilendo ka mtundu wa vairasi, kamene lero kachedwa Epstein-Barr. Mu 1968 Werner ndi Gertrude Henle a ku Philadelphia anaonetsa kuti kacirombo komweko ndiko kamadwalitsa malungo a anabere. Makolo asacite mantha pa mau amenewa: malungo a anabere si khansa, ndipo mnyamata wowadwala amacira.

Kacirombo aka kamayenda m'malovu. Kamapita kwa wina popsompsonana, pomwera cikho cimodzi, pobwerekana supuni kapena mswaci, ndiponso pamene mai atafunira mwana cakudya. Pa anthu akulu 10 a dziko lonse lapansi, 9 kapena kuposa ali nako m'thupi, ndipo kamakhala momwemo moyo wonse osabvuta. Ana ambiri a m'midzi ya mu Africa amakatenga asanayambe sukulu, ndipo pa msinkhu umenewo sikaonetsa kanthu, kapena kaoneka ngati cimfine cabe. Amene amadwala kwenikweni ndi uja anakazemba pa ubwana, nakomana nako atakula. Ndico cifukwa cace nthendayi imakonda anyamata ndi atsikana osinkhuka, ndipo siwanda m'mudzi monga malungo. Munthu atakatenga pamapita masabata 4 kufikira 6 asanayambe kumva kanthu, kotero kufunafuna amene anampatsa ndi kutaya nthawi. Sikufunika kumpatula wodwala m'nyumba ya yekha. Akhale ndi kapu yace ndi supuni yace, basi.

CIPATALA COYAMBA

Banja lisadziweruzire lokha kuti mwana ali ndi malungo a anabere, pakuti nthenda zina zoopsa kopambana zimayamba mofanana. Malungo eni eni ndiwo oyamba kupimidwa, ndipo munthu angathe kukhala ndi zonse ziwiri pa nthawi imodzi. Ziripo zironda za pakhosi za mtundu wina zimene zifuna penisilini, ndipo zikalekereredwa zingathe kuononga mtima wa mwana. Anabere amene akula pang'ono pang'ono kwa miyezi angakhale a cifuwa cacikulu. Kacirombo ka HIV kakangolowa kumene m'thupi kamaonetsanso kutentha, zironda za pakhosi ndi anabere, motero wodwala asakwiye akauzidwa kuti apimidwe. Ndipo amene anapita ku Malambo, ku cigwa ca Luangwa kumene kuli kashembe, achule ulendowo kwa dotolo cifukwa ca kaodzera. Kiliniki ikaona kuti nkofunika idzamtumiza ku zipatala zokhala ndi zipinda zopimira magazi, monga Chipata Central, Mwami kapena St Francis ku Katete.

Mwana wamng'ono amene nsagwada yace kapena mimba yace itupa msanga m'masabata owerengeka, mano nagwedezeka, asasungidwe pa mudzi ngati wa matsagwidi. Cotupa cija ca Burkitt cimamva mankhwala cikapezedwa msanga.

KUSAMALA WODWALA PA KHOMO

Palibe piritsi kapena nyeleti yopha kacirombo aka, ndipo katemera wace kulibe. Thupi lokha ndilo limakagonjetsa. Anthu ambiri sakondwa kubwerera ku kiliniki ndi Panadol yekha, ndipo amapatukira pa kantemba kukagula makapisozi. Kumeneko ndi kutaya ndalama za feteleza. Makapisozi a amoxicillin ndi ampicillin sacita kanthu pa vairasi, ndipo kawiri kawiri amatulutsa zidzolo zofiira thupi lonse mwa wodwala nthendayi, abale nayamba kuganiza kuti ndi cikuku. Panadol amwedwe monga mwa muyeso wa ku kiliniki, osapitirira. Aspirin asapatsidwe kwa mwana wosakwana zaka 16.

Pakhosi pamapepuka wodwala akacukuca madzi ofunda othira theka la supuni yaing'ono ya mcere mu kapu imodzi, nalabvula, kangapo pa tsiku. Amwe kawiri kawiri ngakhale kumeza kuwawa: madzi owiritsa, tiyi, mkaka wowiritsa, thobwa. Phala lamadzimadzi lothira nsinjiro, mazira, nthoci zakupsa, papaya ndi maungu zimapita bwino, ndipo nsima yofewa ya therere imatsetsereka pamene ya nyemba ikana. Nthendayi imakhudzanso ciwindi, cifukwa cace mowa wa mtundu uli wonse, makamaka kacasu, ulekedwe kufikira atacira.

Abwerere naye ku cipatala tsiku lomwelo ngati apuma mobvutika, ngati alephera kumeza ngakhale malovu ace, ngati maso asanduka acikasu, ngati khosi lauma ndi mutu kuwawa kwambiri, kapena ngati kutentha kwapitirira masabata awiri.

KAPAMBA

Apa ndipo pagona nkhani ya mlimi. Kapamba ali mbali ya kumanzere kwa mimba, kunsi kwa nthiti. Anthu a kuno amamdziwa cifukwa amatupa mwa ana odwaladwala malungo. Pa odwala malungo a anabere, pafupifupi theka amatupa kapamba, ndipo ambiri a iwo samva kanthu. Kapamba wotupa msanga amakhala wofewa ndi wodzala magazi, cikopa cace nicipyapyala. Cigongono ca mnzace pa bwalo la mpira, cogwirira ca pulawo cikagunda pa mimba pamene khasu lakodwa pa citsa, kugwa pa njinga, ngakhale kudzikakamiza ponyamula thumba, zingathe kumng'amba.

Zimenezi sizicitika kawiri kawiri. Pa odwala 100 sipafika ndi mmodzi yemwe. Koma zikacitika magazi amatayikira m'kati mwa mimba mosaoneka, ndipo munthu afunika cipatala cokhala ndi cipinda ca opaleshoni m'maola owerengeka. Wa m'tauni ya Chipata afika msanga. Wa kumudzi wa kutali, mwezi wa January, mitsinje itadzala ndi mseu utasanduka matope, ali pa ngozi yaikulu. Ngozi imeneyi imakula m'masabata atatu kapena anai oyamba, ndiyo nthawi yomweyo imene kutentha kwatha ndipo banja liyesa kuti mwana wacira.

Zizindikiro zace ndi kupweteka kwa mwadzidzidzi kumanzere kwa mimba, kupweteka pa nsonga ya phewa la kumanzere ngakhale sanagwe, cizungulire poimirira, thukuta lozizira, m'manja ndi m'zikope moyera, ndi mtima kugunda mofulumira. Wotere agonekedwe, asapatsidwe cakudya kapena cakumwa, ndipo anyamulidwe cogona pa ngolo kapena galimoto iri yonse yopezeka. Kudikira kuti kuce kwatayitsa miyoyo ya anthu otaya magazi m'kati. Mimba ya wodwala nthendayi isatikitidwe, isathobedwe mokanikiza, ndipo pa kapamba kapena pa anabere pasatemedwe mphini.

Lamulo la madotolo ndi lakuti wodwala asagwire nchito yolemetsa kapena kusewera masewera ogundana kwa mwezi wathunthu kuyambira tsiku limene anayamba kudwala. Kwa mnyamata, ndiko kuti asagwire pulawo, asapange mizere, asadule mitengo ya cigafa, asasenze thumba la feteleza la makilogalamu 50, asapalase njinga ya makala, asachaye mpira. Za atsikana zimaiwalika, popeza nchito zao siziwerengedwa ngati zolemetsa. Cigubu ca malita 20 cimalemera makilogalamu 20, ndipo amene acikweza pa mutu amaumitsa mimba. Kusinja, mtolo wa nkhuni ndi kubereka mwana wamkulu ziri m'gulu lomwelo. Mai amene aleka mwana wace wamwamuna agone pa mphasa, natuma mlongo wace wodwala nthenda yomweyo ku mjigo, sanamvetse phunziro ili.

KUTOPA KOSATHA MSANGA

Kutentha ndi zironda za pakhosi zimatha m'masabata awiri kufikira anai. Kutopa ndiko kumatsalira. Ambiri amabwerera mwakale m'mwezi umodzi kapena iwiri, ena itatu, ndipo pafupifupi mmodzi pa 10 amamvabe kulefuka ngakhale papita miyezi 6. Kutopa kumeneku sikuoneka ndi maso monga bala, ndiponso sikuyenda mofanana. Lero mwana aseka ndi anzace pa bwalo, mawa alephera kudzuka, ndipo atate ati dzulo lija anali bwino, lero aona khasu. Mau otere amamkakamiza mwana kudzionetsa mphamvu, agwira nchito ya tsiku lathunthu, nagona masiku atatu. Munda sunapindule kanthu.

Kugona usana wonse nakonso sikuthandiza, pakuti minofu imafooka ndipo tulo ta usiku timathawa. Kutentha kukatha wodwala adzuke, asambe, ayende pang'ono pa mudzi. Nchito za pa mphasa ziripo zambiri pa nyumba ya mlimi: kusenda nsawa za Chalimbana, kusankha mbeu, kutong'ola cimanga, kupatsa nkhuku cakudya, kuyang'anira mbuzi pafupi ndi mudzi, ndi kulemba m'buku ndalama zimene zapita ku mbeu ndi feteleza, nchito yoyenera ndithu mwana wa sukulu. Mwezi utatha, ndipo dotolo kapena namwino atamkhudza pa mimba nabvomera, ayambe kupalira ola limodzi m'mamawa kusanatenthe. Akadzuka bwino tsiku lotsatira, aonjezeko pang'ono. Akadzuka wolefuka, abwerere pa muyeso wa kale masiku angapo. Ngati papita miyezi itatu osasintha, kapena ayamba kuonda, kutsokomola ndi kutuluka thukuta usiku, apite akapimidwenso, cifukwa kucepa kwa magazi ndi cifuwa cacikulu zimabisala m'kutopa kotere.

Funso la mwini munda ndi lomveka: udzu sudikira wodwala. Cimanga cikapanda kupaliridwa m'masabata 6 oyamba zokolola zimatsika, ndipo feteleza amadyedwa ndi udzu. Banja lotsala ndi manja ocepa liyambire munda umene lathira feteleza, wina utsatire. Lingaitane dima, lingapemphe a mpingo kapena a kalabu ya alimi, lingabwereke manja kwa mnansi ndi kudzabweza pa nthawi yokolola pamene mnyamata adzakhala atalimba, kapena ligulitse mbuzi imodzi nilipire aganyu. Mbuzi imodzi ndi yocepa poyerekeza ndi galimoto ya usiku kupita ku Katete ndi masabata a mai kudikirira pa cipatala munda uli wokha.

Sukulu zikatsegulidwa mu January, kholo litenge kalata ya ku kiliniki nikaipereke kwa aphunzitsi akulu, kuti mwanayo apumitsidwe pa mpira, pa kuthamanga ndi pa nchito za m'munda wa sukulu, koma m'kalasi alowe. Mnyamata wa Cingoni amene anadwala mu December, ndipo mtima wace uli pa kubvina ingoma ku Mtenguleni pa Nc'wala kumapeto kwa February, ali nayo nthawi yokwana. Adzere ku kiliniki sabata limodzi mwambo usanafike kuti akamkhudze kunsi kwa nthiti.