Pamene Achibale Abwera Kudzacheza ku Gawo Laumishonale

1. Kodi kalata yochokera kwa makolo ingadzutse mafunso otani mumtima mwa mmishonale?

TALINGALIRANI za mlongo amene watumikira monga mmishonale m'Zambia kwa zaka 6 pamodzi ndi mwamuna wake. Kalata yafika kuchokera ku Canada. Atate ndi amayi ake, amene ali okalamba ndipo sali alambiri anzake, asunga ndalama zokwanira ulendo wa pandege, ndipo adzakhala milungu iŵiri. Iwo akufuna kukaona Mathithi a Victoria. Mlongoyo akukondwera, komano chikumbumtima chikumvuta, pakuti ali ndi maphunziro a Baibulo apanyumba amene sanawaphonyepo. Kodi kuyenda makilomita oposa 450 kuchokera ku Lusaka kumka ku Livingstone kukangoona madzi akugwa ndiko kuba nthaŵi ya Yehova? Ndipo ngati akana, kodi makolowo adzabwerera kwawo akumalingalira zotani ponena za Mulungu amene mwana wawo amatumikira?

Mmene Mose Analandirira Mpongozi Wake

2, 3. (a) Kodi Mose anachitanji pamene Yetero anafika? (b) Kodi Yetero anaonanji tsiku lotsatira?

2 Nkhani ya pa Eksodo chaputala 18 ingamthandize. Mose anali kutsogolera mtundu wathunthu m'chipululu pamene mpongozi wake Yetero, wansembe wa ku Midyani, anafika pamsasa pamodzi ndi Zipora ndi ana aŵiri a Mose, Gerisomu ndi Eliezere. Kodi pali mmishonale lerolino amene ali wotanganitsidwa koposa mmene Mose analiri? Komabe, iye sanatume munthu wina kukawachingamira. Anatuluka yekha, anagwadira mkuluyo, anampsompsona, ndipo atafunsana za moyo analoŵa naye m'hema. Mmenemo anamsimbira zonse zimene Yehova anachitira Israyeli, osabisa ngakhale mavuto a panjira. Yetero anakondwera, anavomereza kuti Yehova aposa milungu yonse, napereka nsembe. Aroni ndi akulu anadza kudzadya naye.

3 M'maŵa mwake Mose anakhala pansi kuweruza anthu kuyambira m'maŵa kufikira madzulo, mlendoyo akupenyerera. Chotero Yetero anaona ntchitoyo monga mmene inaliri. Anaonanso kanthu kena kamene mwachionekere Mose mwiniyo sanakaone, kuti anali kudzitopetsa kopambanitsa, ndipo anamlangiza kuika amuna okhoza kuti ayang'anire magulu a anthu 1,000, 100, 50, ndi 10. Mose anamvera. Kaŵirikaŵiri kholo ndilo limayamba kuona kutopa pankhope ya mwana wake, ngakhale kuti silimvetsetsa chikhulupiriro chake.

Kodi Kukaona Malo Nkulakwa?

4. Kodi nchifukwa ninji utumiki suyenera kukhala chodzikhululukira chomanira makolo nthaŵi?

4 Yesu mwiniyo anauza atumwi ake otopa kuti apite naye kumalo a okha akapumule pang'ono. (Marko 6:31) Iye anadzudzulanso mwamphamvu atsogoleri achipembedzo amene analola munthu kunena kuti chuma chake chinali Korban, mphatso yoperekedwa kwa Mulungu, kotero kuti asathandize nacho atate kapena amayi ake. (Marko 7:9-13) Kunena zoona, Yesu anali kunena za chuma. Koma kodi munthu sangachite zofananazo ndi maola ake? Mmishonale amene amana makolo okalamba masiku atatu pambuyo pa zaka 6, akumanena kuti nthaŵi yake yonse njopatulika, ayenera kudzifunsa ngati chimenecho chili changu kapena kuuma mtima chabe. Ophunzira Baibulo angauzidwe pasadakhale, ndipo ofalitsa ena a mumpingo angawachezere mlungu umenewo.

5. Kodi mlongoyo angasonyeze motani nzeru pamene ali pamathithi?

5 Mathithiwo ali oyenereradi ulendowo. Mtsinje wa Zambezi, umene pamalopo uli wotambalala mamita pafupifupi 1,700, umagwera m'chiphompho chakuya mamita oposa 100. Anthu a kumeneko anali kuwatcha kale Mosi-oa-Tunya, kutanthauza utsi wogunda, David Livingstone asanawaone mu November 1855. Chakumapeto kwa dzinja, pamene mtsinjewo wadzaza, woyenda pa Knife-Edge Bridge amanyoŵa monga wavumbwa ndi mvula yamkuntho, ndipo amafunikira kufuula kuti mnzake amve. Zinthu zotero zimachitira umboni mphamvu ya Mlengi mwa izo zokha. (Aroma 1:20) Mwana wanzeru sadzasandutsa malo oonerera alionse kukhala pulatifomu yokambirapo nkhani. Atate amene akhala akukana magazini kwa zaka zambiri angaime duu kwa mphindi zingapo osanena kanthu, ndipo kungakhale bwino kuwasiya motero. Ngati afunsa funso, ayankhidwe mofatsa ndi mwaulemu.—1 Petro 3:15.

6. Kodi chitsanzo cha Paulo mu Atene chimapereka chenjezo lotani?

6 Komabe, si malo onse otchuka amene ali ntchito ya manja a Mulungu. Cha m'ma 50 C.E., Paulo anayendayenda mu Atene poyembekezera Sila ndi Timoteo. Pamwamba pa mzindawo panaima Parthenon, kachisi wa mulungu wamkazi Athena, amene panthaŵiyo anali atakhalapo zaka pafupifupi 500. Paulo anapenyetsetsa zinthuzo, anaŵerenga ngakhale mawu olembedwa paguwa la nsembe lina, koma mtima wake unavutika poona mafano ochulukawo. (Machitidwe 17:16, 23) Mmishonale wotumikira m'dziko limene alendo amapita ku akachisi ndi tiakachisi ayenera kulingalira pasadakhale zimene chikumbumtima chake chidzalola, ndi kuuza achibale akewo asanafike pachipata, osati pamene wolondolera alendo wayamba kale kugaŵira zofukiza.

Chimene Iwo Anadzeradi

7. Kuwonjezera pa mathithi, kodi makolowo afunikira kuonanji?

7 Makolo ambiri amene amati abwera kudzaona mathithi amakhala atabwera kudzaona ngati mwana wawo ali bwino. Kodi amagona m'masikito? Kodi amaŵiritsa madzi akumwa? Kodi ndani amamsamalira pamene wadwala malungo? Zithunzithunzi za njovu sizingayankhe zimenezo. Monga Mose, mlongoyo angawaonetse ntchito yeniyeniyo: nyumba ya amishonale, msika umene amagulako ndiwo, ndi msonkhano wa pa Sande pa Nyumba ya Ufumu, ngati iwo alola kupitako. Sadzamva Chinyanja cholankhulidwa kumeneko. Koma adzaona mlongo wachikulire akufika ndi mbale ya mtedza, akugwira mwana wawoyo padzanja ndi kumutcha "mwana wanga." Lonjezo la Yesu lonena za amayi, abale, ndi alongo ochuluka mwina sanaliŵerengepo, koma tsiku limenelo adzagwirana nalo chanza.—Marko 10:29, 30.

8. Kodi nchiyani chimene mlongoyo ayenera kupenyetsetsa, ndipo chifukwa ninji?

8 Iye nayenso ali ndi zoti aone. Pabwalo la ndege amayi ake angamfunse kuti: "Mwana wanga, kodi udzabwera liti kunyumba?" Kodi amenewo ali mawu a kupukwa kokha, kapena makolowo afika pofunikiradi chisamaliro? Malemba amaika thayo limenelo pa ana ndi adzukulu. (1 Timoteo 5:4, 8) Amishonale ena abwerera kwawo kaamba ka chifukwa chimenechi, ndipo sanalakwe. Ena apitiriza m'gawo lawo chifukwa chakuti abale awo akuthupi anadzipereka kusenza mtolowo. Palibe wina angawasankhire. (Agalatiya 6:5) Makalata a makolo amangonena kuti zonse zili bwino. Koma panjira ya kumathithi mlongoyo anaona atate ake akuima katatu kuti apume, ndipo anaona amayi ake akufunsa kaŵiri dzina la mzinda umene anagonako. "Amayi, ndidzalembera achimwene mlungu uno, ndipo tidzakambitsirana tonse," iye angayankhe motero. M'kalatamo adzasimba zimene anaona, osachepetsa ndiponso osawonjezera.