Chipinda Chopoperamo Penti ndi Umoyo wa Mmisiri

M'magalaja ambiri penti wa galimoto amapoperedwa ndi mfuti yoyendera mpweya. Penti wina amamatirira pa galimoto, koma wina amauluka ngati nkhungu, ndipo mmisiri amaipumira m'mapapo. Nkhani ino ikufotokoza kuopsa kwa nkhunguyo ndi m'mene chipinda chopoperamo chiyenera kukhalira.

Kuopsa Kwake

Choyamba ndi matenda. Mu penti ndi mu thina muli mankhwala monga toluene ndi xylene, amene nthunzi yake imadwalitsa mutu ndi kuchititsa chizungulire. Penti wosakaniza ndi mankhwala oumitsa, amene amisiri amati 2K, ali ndi isocyanate, mankhwala odzetsa mphumu. Munthu akangoyamba kudwala, ngakhale kanthunzi kochepa kamam'banikitsa, kotero kuti ena amasiyiratu ntchito imene inkadyetsa ana awo.

Chachiŵiri ndi moto. Nthunzi ya thina njolemera kuposa mpweya. Imakwaŵa pansi, ndipo ikakumana ndi moto wa ndudu, wa mbaula kapena wa owotcherera zitsulo, imayaka nthaŵi yomweyo.

Chipinda Choyenera

1. Makoma akhale a chitsulo kapena a simenti, osalala bwino kuti asavute kutsuka.

2. Fani izikoka mpweya kuchokera kumbuyo kwa mmisiri, kapena kuchokera kudenga kupita pansi, kuti nkhungu isadutse pamphuno pake. Malamulo a bungwe la OSHA ku America amafuna kuti pakamwa pa chipinda chotseguka kutsogolo mpweya uziyenda mamita pafupifupi 30 pa mphindi.

3. Mpweya woipa uzidutsa m'sefa, kenaka utulukire pachumuni, kutali ndi mazenera a anthu. Sefa ikatsekeka fani siikoka bwino, choncho izisinthidwa.

4. Nyali, mawaya ndi mota ya fani zikhale za mtundu wosathetheka moto. Malamulo omwewo amaletsa moto uliwonse pamtunda wa mamita 6.

5. Pamalo opoperapo pakhale penti wokwanira ntchito ya tsikulo basi. Nsanza zonyowa ndi thina ziziponyedwa m'chitini cha chivindikiro, ndipo chozimira moto chikhale pafupi ndi khomo.

Chitetezo cha Mmisiri

Kansalu komanga pamphuno sikatchinga nthunzi, ndipo kumwa mkaka sikutsuka mapapo monga ena amaganizira. Wopopera 2K azivala chophimba nkhope cholandira mpweya wabwino kudzera m'paipi, ovolo ndi magulovesi. Akamaliza kupopera asavule chophimbacho msanga, pakuti nkhungu yosaoneka ndi maso imatsalirabe m'chipinda kufikira fani itaitulutsa yonse. Asasambe m'manja ndi thina, chifukwa amaumitsa ndi kung'amba khungu.

Udindo wokonza zonsezi ndi wa mwini galaja. Wantchito amene wayamba kutsokomola usiku kapena kubanika, makamaka ngati amapezako bwino masiku amene sali ku ntchito, apite ku chipatala msanga ndipo akauze dokotala ntchito imene amagwira.