Kusankha Mabuku Okonzekera Mayeso a LSAT

Ena mwa ana athu amene atsiriza digiri yoyamba ali ndi mtima wokaphunzira za malamulo ku America kapena ku Canada. Kumeneko sukulu zambiri za malamulo zimafuna kuti wopempha malo ayambe walemba mayeso ochedwa LSAT. Mayesowa anayamba m'chaka cha 1948, ndipo amakonzedwa ndi bungwe la Law School Admission Council la ku Newtown, Pennsylvania. Mabuku okonzekera mayesowa ngochuluka, ena a mtengo wapatali ndithu. Nanga mwana asankhe ati? Nazi mfundo zinai.

1. Yambani mwadziwa chimene mayeso afuna. Ngakhale ali khomo la sukulu ya malamulo, safunsa malamulo ai, kotero kugulira mwana mabuku a milandu ndi kutaya ndalama. Mayeso ali ndi zigawo zinai, chiri chonse cha mphindi 35. Zigawo ziwiri ziyesa kulingalira: wolemba awerenga mtsutso waufupi, napeza pamene wafooka, kapena chimene mwini mtsutso wachiyesa choona osachichula. Chigawo china chiyesa kumvetsa ndime zazitali za Chingerezi. Chotsalacho sichiwerengedwa, pakuti eni mayeso amayeserapo mafunso atsopano. Koma wolemba sauzidwa kuti ndi chiti. Mamaki amayambira 120 kulekeza 180. Palinso nkhani yolemba pa nthawi yake, imene siipatsidwa mamaki koma imatumizidwa ku sukulu.

2. Yang'anani chaka chimene buku linasindikizidwa. Kale m'mayesomu munali chigawo chochedwa Logic Games, chimene anthu ankachiyankha pojambula timizere ndi timabokosi. Anthu osaona anakadandaula ku khoti kuti chigawocho chiwapondereza, ndipo mu 2019 bungwe lija linavomera kusintha. Kuyambira mwezi wa August 2024 chigawocho chinachotsedwa. Buku lakale, limene mnansi angapereke ndi mtima wabwino, lingathe kumdyera mwana miyezi yambiri pa nchito imene sadzaipeza m'mayeso.

3. Funani mafunso enieni. Amalonda ena amapeka mafunso ao, ndipo kawirikawiri safanana bwino ndi a eni mayeso. Eni akewo anaika mayeso akale pa intaneti, pa malo ochedwa LawHub. Ena ngaulere, ena ngolipira. Popeza mayeso amalembedwa pa kompyuta kuyambira 2019, kuyesera pamenepo kumzoloweza mwana maonekedwe ake. Buku la wamalonda likhale lofotokoza njira. Koma poyesa mphamvu zake, mwana agwiritse nchito mafunso enieni.

4. Musaunjike mabuku. Mwana ayambe walemba mayeso amodzi aulere, wochi iri patsogolo pake, kuti aone pamene apunduka. Pamenepo ndipo asankhe buku limodzi lolimbitsa mbali yofookayo. Buku labwino ndi limene lifotokoza chifukwa chake yankho lina liri lolondola, ndiponso chifukwa chake mayankho anai otsalawo ali olakwa. Lolonjeza mamaki ambiri m'masabata owerengeka lichenjereni: chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Inu makolo, amene mumagulitsa mbuzi ndi chimanga kuti mwana aphunzire, musatulutse ndalama musanamfunse ngati wayamba walemba mayeso aulere aja. Ndipo inu anyamata ndi asungwana, werengani pang'ono tsiku liri lonse, ndi kubwerera pa funso liri lonse limene mwalakwa mpaka mutaona pamene munasokera. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Mafunso okambirana:
(a) Chifukwa ninji mabuku a milandu sathandiza pa mayesowa?
(b) Chinasintha nchiani m'chaka cha 2024?
(c) Buku labwino tilizindikira bwanji?