Amayi a kusukulu andichititsa manyazi

Azakhali,

Ndine mayi wamasiye wa ana atatu. Bambo awo anatisiya chaka chatha. Wachisamba, mnyamata wa zaka 13, ali Sitandade 6, koma teremu ino wajomba kwambiri. Ine ndimalawirira ku ganyu, ndiye sindinkadziwa kuti iye akumakhala pamsika kusenza katundu wa anthu. Sabata yatha kunabwera amayi awiri a Mother Group masanasana, anthu oyandikana nafe akuona. Anandifunsa kuti timadya kangati patsiku. Ndinapsa mtima n'kuwathamangitsa. Tsopano andiitana kusukulu Lachinayi. Kodi akufuna kundilanda mwana? Ndipite?

Mayi wodandaula, Dedza

Mayi,

Pepani ndi zovutazi. Lachinayi mupite, ndipo musapite ngati munthu wokayankha mlandu.

Amayi aja ndi anzanu a m'midzi yozungulira sukuluyo, osankhidwa ndi anthu a komweko, ndipo amagwira ntchitoyi mongodzipereka. Mwana akasowa m'kalasi, iwo ndi amene amamulondola mpaka pakhomo. Mphamvu yolanda mwana alibe. Nkhani zotero zimadzera kwa a zachisamaliro cha anthu ndi kukhoti, ndipo zimakhala za ana ochitidwa nkhanza kapena otayidwa. Inu simunataye mwana; mukumufunira chakudya ndi thukuta lanu. Funso la chakudya lija limabaya, makamaka anthu akumvetsera, ndipo akanachita bwino kulifunsira m'nyumba. Mukawauze zimenezo mwaulemu. Komabe iwo amafuna kudziwa poyambira.

Mukafika, musabise kanthu. Amayi ambiri mawu a "tili bwino" amawabweza chimanjamanja. Nenani kuti ufa umatha liti, sopo alipo kapena ayi, makope atsala angati. Magulu ena a Mother Group ali ndi munda kapena kathumba kogulira ana ovutika makope ndi zolembera. Ena ali ndi banki m'khonde yomwe mungalowe. Funsani ngati pasukulupo amaphika phala, monga limene a Mary's Meals akhala akupereka m'sukulu zambiri kuyambira 2002, kuti ang'onoang'ono awiri aja asamaliphonye. A hedi muwakumbutse kuti chiyambire 1994 pulaimale ndi yaulere, choncho mwana asabwezedwe chifukwa cha ndalama ya chitukuko imene mulibe.

Pemphaninso kuti akulumikizeni ndi woona za chitetezo cha ana wa m'dera lanu. Ameneyo akuuzani ngati banja lanu lingaganiziridwe pa Mtukula Pakhomo, thandizo la boma la mabanja osaukitsitsa omwe alibe anthu okwanira ogwira ntchito, lomwe limakhala ndi kenakake koonjezera pa ana opita kusukulu. Sindikukulonjezani, poti amene amalowa ndi ochepa ndipo kalembera sachitika kawirikawiri, koma vuto lanu lidziwike.

Amene akundidetsa nkhawa kwambiri ndi mnyamatayo. Mwana wopulupudza akajomba amakaonera kanema. Wanuyu akusenza matumba. Wawona bambo ake akuikidwa m'manda, wawona inu mukubwera madzulo mutalefuka, ndipo mumtima mwake wadzilonga ubambo wa pakhomo. Mkwapulo ungomuuza kuti chifundo chake ndi mlandu. Mukhale naye awiri, ang'ono atagona. Yambani n'kumuthokoza. Kenako mumufunse komwe ndalamazo zimapita, amene amayenda nawo pamsika, ndiponso ngati kusukulu kuli wina womunyoza kapena kumumenya. Mumuuze momveka kuti kudyetsa banja ndi katundu wa akuluakulu. Atsibweni ake, monga eni mbumba, akhalepo pa nkhaniyi, ndipo ngati n'kotheka akuperekezeni Lachinayi.

Akaulula zoti wina akumuchita nkhanza, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani ku Victim Support Unit kupolisi.

Musanachoke pasukulupo, gwirizanani ndi mphunzitsi wake kuti akajomba ngakhale tsiku limodzi, uthenga ukupezeni tsiku lomwelo, komanso kuti amuthandize pa zimene anzake anaphunzira iye kulibe.

Ine Azakhali anu