Zoyenera kuchita mukamangidwa fupa la m'chiuno ndi zitsulo

Pamwamba pa fupa la ntchafu pali mutu wobulungira umene umalowa m'chiuno, ndipo pansi pake pali kakhosi. Magazi ambiri odyetsa mutuwo amadzera m'timitsempha tomamatira pakakhosipo. Kakathyoka, timitsemphato timaduka kapena kupindika. Dokotala amalumikiza fupa ndi masikuluwu, koma magazi kuti abwerere m'mutumo ndi nkhani ina.

Musanatuluke m'chipatala, funsani ngati fupalo linasuntha pothyoka. Madokotala amatsata magulu 4 a kuthyoka kotere amene dokotala wina, Garden, analongosola mu 1961. Gulu 3 ndi 4 ndi la mafupa osuntha, ndipo ndiwo amene mutu wake umafa kawirikawiri chifukwa chosowa magazi.

Kenako dziwani zimene zikuchitika mkatimo, chifukwa m'pamene ambiri amanyengekera. Maselo a m'fupa akasowa okosijeni amafa pasanathe masiku 2, koma fupa lakufalo limakhalabe lolimba kwa miyezi, munthu n'kumayenda bwinobwino. Vuto limadza thupi likayamba kukonza. Pamalo posowa mpweya pamachuluka puloteni ya HIF-1α, imene imadzutsa VEGF, yoitana mitsempha yatsopano. Mitsemphayo imabwera ndi maselo odya fupa, ma osteoclast, amene amakhwimitsidwa ndi puloteni ya RANKL. Maselo omanga, ma osteoblast, amatsalira m'mbuyo. Zili ngati kuzula nsanamira zakale zatsopano musanazike: denga limatsika. Mutu wa fupa nawo umaphwanyika pansi pa chicherewecherewe, n'kuphwatalala.

N'chifukwa chake ndodo musazitaye msanga, ngakhale abale akunena kuti mwachira. Mwendo muziupondetsa pamlingo umene adokotala anena. Fodya siyani, amafinya mitsempha. Mowa wambiri umachulukitsa mafuta m'mafupa, n'kupanikiza timitsempha totsalato. Ngati mumamwa prednisolone, muli ndi sickle cell kapena HIV, auzeni adokotala, popeza zonsezi zimawonjezera chiopsezo. Koma mankhwala musasiye panokha.

Tsiku lobwerera kuchipatala musaliphonye, ngakhale palibe chikupweteka. Matenda a kufa kwa fupawa amakonda kuonekera pakati pa miyezi 6 ndi zaka 2, nthawi zina mochedwerapo. Chizindikiro chake ndi ululu wa m'mphechepeche umene wabweranso utatha kale, wokula mukaponda kapena mukapotoza mwendo. Ena amaumva pabondo, n'kumathowa bondo lopanda vuto.

Poyamba X-ray imatha kuonetsa zonse zili bwino. Ululu ukapitirira, pemphani kuti akutumizeni kwa katswiri wa mafupa kuchipatala chachikulu, ndipo funsani za MRI, imene imaona msanga. Muwauze kuti muli ndi zitsulo, chifukwa zina zimasokoneza chithunzi.

Akalipeza vutoli mutu usanaphwanyike, adokotala angayese kuboola fupa kuti mitsempha ipeze njira. Ukaphwanyika, nthawi zambiri chotsala n'kuika mfundo ya chiuno yochita kupanga.